Central line: magazi oundana ndi tizilombo, tizitani?

Anaphiri a ku ICU: Mwaswera bwanji abale nonse. Mafunso ambiri amene akubwera kumbali masiku ano ndi a central line, paipi imene imalowetsedwa mumtsempha waukulu: laini yalimba sikutulutsa magazi, mkono watupa, wodwala akunjenjemera akangomulumikiza ku makina a dialysis otsuka magazi a odwala impso. Ndati tikambirane pano poyera kuti ophunzira nawonso atolepo. Choyamba ndi ichi: kuundana kwa magazi ndi kulowa kwa tizilombo tisamazione ngati nkhani ziwiri. Paipi ikangolowa mumtsempha, thupi limayamba kuikuta ndi ulusi wa fibrin woundanitsa magazi, ngati ndere pamwala wa mumtsinje. Pa ndere imeneyo ndi pamene mabakiteriya amakakamira n'kumanga kansalu kawo koterera kotchedwa biofilm, ndipo mankhwala amalephera kulowamo bwino. Laini imene ikuvuta kukoka magazi lero, mawa muziiyembekezera ndi thermometer m'manja.

Wophunzira unamwino: Zikomo amayi. Ndifunse nawo za poyambira: kodi malo amene laini yaikidwa ali ndi kanthu pa mavuto amenewa, kapena mtsempha ndi mtsempha basi?

Adokotala a ku wodi ya akulu: Ali ndi kanthu kwambiri, mwanawe. Malo aakulu ndi atatu: pakhosi mu jugular, pansi pa fupa lopingasa la paphewa mu subclavian, ndi m'mphechepeche mu femoral. Kafukufuku wamkulu wa ku France amene anatuluka mu 2015, wa odwala oposa 3,000 a mu ICU, anapeza kuti subclavian ndiyo imabweretsa tizilombo ndi magazi oundana mochepa kuposa enawo, koma ndiyonso imene singano imabaya phapo kawirikawiri mpweya n'kulowa m'chifuwa. Femoral ndi yofulumira pangozi, koma pamalo paja pamakhala chinyezi, thukuta, mkodzo ndi chimbudzi pafupi, makamaka kwa munthu wonenepa. Palinso PICC imene imalowera pamkono, nthawi zambiri mu basilic, n'kuyenda mpaka pafupi ndi mtima. Kenaka zija zodutsa pansi pa khungu zokhala ndi kakhafu komatirira ku mnofu, monga Hickman ndi Permcath, ndi port imene imakwiriridwa yonse pansi pa khungu la pachifuwa.

Chofunika kuposa zonse ndi pamene nsonga yakathera. Iyenera kukhala kumunsi kwa superior vena cava, polowera kumtima, pamene magazi amathamanga kwambiri. Pa X-ray muziyang'ana pamene kholingo lagawikana kupita kumapapo awiri. Nsonga izikhala pamenepo kapena kutsikirapo pang'ono. Ikatsalira m'mwamba imagunda khoma la mtsempha mtima ukamagunda, ndipo mankhwala owawa ngati potassium, chemo (mankhwala a khansa) kapena TPN (chakudya chodzera mumtsempha) amathira pakhoma m'malo mosungunuka m'magazi ambiri. Laini ya kumanzere imakhota kawiri isanafike, n'chifukwa chake imaundanitsa magazi kuposa ya kumanja. Kwa munthu wamkulu, jugular ya kumanja imafuna masentimita pafupifupi 15, ya kumanzere imafuna yotalikirapo.

Abanda a ku dialysis: Adokotala, ndionjezerepo pa subclavian paja, chifukwa ophunzira angatenge kuti ndiyo yabwino kwa aliyense. Kwa munthu wa impso ayi ndithu. Subclavian ikakhala ndi paipi imakonda kuchita chipsera n'kuphinjika, ndipo mkono wonse wa mbali imeneyo umakhala utatayika pa nkhani ya fistula, mitsempha iwiri ya pamkono imene amaisoka pamodzi kuti pakhale polumikizira dialysis. Mukadzamusokera fistula, mkono umangotupa chifukwa magazi alibe pobwerera. PICC nayonso chimodzimodzi, imapha mitsempha imene tidzaifune mawa. Munthu amene impso zake zikufooka, ngakhale asanayambe dialysis, mitsempha ya m'mikono mwake ndi chuma. Jugular ya kumanja ndiyo yoyamba. Ndipo katheta yongoyembekezera, yopanda khafu, isapitirire masabata awiri; ya m'mphechepeche ichoke msanga kuposa apo.

Anaphiri a ku ICU: Zoona achimwene. Tsono za poika laini. Zimene zimapulumutsa anthu si zodula. Ku Michigan, m'ma ICU 103, gulu la Peter Pronovost linangolimbikira zinthu zisanu: kusamba m'manja, kuvala ndi kufunditsa mokwanira, kutsuka khungu ndi chlorhexidine, kupewa femoral, ndi kuchotsa laini imene ntchito yake yatha. Zotsatira zinatuluka mu 2006, ndipo matenda a m'magazi ochokera ku laini anatsika ndi magawo awiri mwa atatu. Kuvala mokwanira ndiye kuti chipewa, masiki, gauni ndi magolovesi a sterile, wodwala atafundidwa thupi lonse, osati kansalu kakang'ono kapakhosi pokha. Chlorhexidine ya 2% ya mu alcohol ya 70% muzipaka mokhula, uku ndi uku, masekondi 30, m'mphechepeche mphindi ziwiri, kenaka muisiye iume yokha. Osaupira, osapukuta. Ngati pali povidone iodine yokha, imagwira ntchito ikauma, ndiye muidikire mphindi ziwiri kapena kuposa. Apa ndi pamene ambiri amafupikitsa. Kwa makanda osakwana miyezi iwiri chlorhexidine imatha kuwotcha khungu, muzisamala nayo. Namwino amene akuthandizira ali ndi ufulu woimitsa ntchito akaona golovesi lakhudza bedi. Ndipo waya wotsogolera paipi polowa mumtsempha, aliyense aone ndi maso ake kuti watuluka wonse. Laini imene inaikidwa mothamanga pa ngozi, popanda ukhondo wokwanira, isinthidwe pasanathe maola 48.

Nachisale wa ku chemo: Ine ndikhale pa za tsiku ndi tsiku, chifukwa laini imaikidwa kamodzi koma imagwiridwa kambirimbiri. M'sabata yoyamba tizilombo tambiri timachokera pakhungu, n'kutsetsereka kunja kwa paipi. Laini ikakhalitsa, khomo lalikulu limakhala pakamwa pake pamene timalumikiza sirinji. Ndiye pakamwapo pazikhulidwa ndi swabu ya alcohol kapena chlorhexidine masekondi 15, mopotokola ngati mukufinya ndimu, n'kudikira paume, nthawi iliyonse musanalumikize kanthu. Kungokhudzitsa swabu si kutsuka.

Pulasitala yoonekera mkati isinthidwe masiku 7 alionse, gozi masiku awiri alionse. Ikanyowa, ikamatuka m'mbali, kapena magazi akadikha pansi pake, musadikire tsiku lake, sinthani pomwepo. Lembani deti pamwamba. Mapaipi a diripi yoyenda mosalekeza sasinthidwa pafupipafupi kuposa maola 96, koma asapitirire masiku 7. A mafuta a TPN ndi a magazi asapitirire maola 24, a propofol maola 6 mpaka 12. Three-way (kampopi ka njira zitatu) iliyonse imene mwawonjezera ndi khomo linanso la tizilombo. Imene sikugwira ntchito ichoke. Kwa a port, singano ikhale ya Huber yokha, chifukwa singano wamba imabudula kachidutswa ka labala, ndipo isakhale kupitirira masiku 7.

Wophunzira unamwino: Nanga potsuka laini, bwanji amakaniza sirinji ya 2 ml kapena 5 ml? Madzi ake si omwewo?

Nachisale wa ku chemo: Madzi ndi omwewo koma mphamvu ndi yosiyana, mng'ono wanga. Sirinji ikachepa m'mimba mwake, chala chomwecho chimatulutsa mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo iwe sumva kuti kutsogolo kwatsekeka. Paipi imatha kung'ambika mkati mwa munthu. N'chifukwa chake timati 10 ml kapena kuposa. Saline wa 0.9%, 10 ml musanapereke mankhwala ndi 10 ml mukatha; mukakoka magazi kapena kuthira magazi, 20 ml. Musakankhe kamodzi n'kamodzi. Kankhani pang'ono, imani, kankhaninso, pafupifupi 1 ml nthawi iliyonse, kuti madzi azizungulira mkati n'kukokolola zomata m'mbali. Potsiriza tsekani kilampu muli mkati mokankha ml yomaliza, kuti magazi asabwerere kunsonga. Kadontho kamene kabwerera n'kugona usiku wonse ndi kamene kamatseka laini m'mawa. Lumen iliyonse, kutanthauza njira iliyonse ya mkati mwa paipi, itsukidwe payokha, ngakhale imene simukuigwiritsa ntchito.

Anambewe a ku famasi: Pamenepa pali funso limene limabwera ku windo lathu tsiku lililonse: heparin kapena saline? Kwa laini wamba ya akulu imene ikugwira ntchito tsiku ndi tsiku, saline wotsukidwa bwino amakwana. Heparin sanaonetse phindu lalikulu kuposa apo, ndipo ali ndi ngozi zake. Mabotolo a heparin amafanana maonekedwe koma mphamvu zimasiyana kutali, 10, 100, 1,000 mpaka 5,000 units pa ml, ndipo kusokoneza kumeneku kwavulazapo makanda m'maiko ena. Komanso ma platelet, timaselo toundanitsa magazi, akatsika ndi theka pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 chiyambireni heparin, ganizani za HIT, matenda amene heparin mwiniwake amayambitsa, siyani heparin yense, ngakhale wotsukira laini. Matenda amenewa, ngakhale ma platelet atsika, amaundanitsa magazi.

Abanda a ku dialysis: Kwathu kuno ndiye n'zosiyana pang'ono, achemwali. Katheta ya dialysis imagona masiku awiri kapena atatu osagwira ntchito, ndipo ndi yaikulu m'mimba, ndiye imatsekedwa ndi heparin kapena citrate ya 4%. Kuchuluka kwake kunalembedwa pa lumen iliyonse, mwina 1.6 ml, mwina 1.9 ml, muthire ndendende zimenezo. Mukapyola, heparin wotsalayo walowa m'thupi. Ndipo pa tsiku lotsatira loko ameneyo, mankhwala otsekera aja, amakokedwa n'kutayidwa, sakankhidwira mkati. Ndikupempha a m'mawodi: katheta ya dialysis si ya diripi, si yokokera magazi a labu, pokhapokha moyo uli pachiswe. Amene sakudziwa kuti mkati muli heparin wamphamvu akhoza kumukankhira yense wodwala amene mawa akupita ku theatre.

Anaphiri a ku ICU: Tifike pa laini imene yalimba. Lamulo ndi limodzi: osakakamiza. Yambani ndi zooneka ndi maso. Kilampu ndi yotsegula? Paipi sinapindike pansi pa pulasitala? Ulusi wosokera sunaimange kwambiri? Sinthani kachitseko ka pakamwa. Wodwala atembenuze mutu, akweze mkono, atsokomole, apume mozama, agone chammbali. Ngati madzi akulowa koma magazi sakutuluka, nthawi zambiri ndi kamchira ka fibrin kamene kali kunsonga: mukakankha kamatseguka, mukakoka kamatseka ngati chivindikiro. Koma zimathekanso kuti nsonga yasuntha. Laini yotere musaperekeremo chemo kapena noradrenaline musanatsimikize pamene nsonga ili, chifukwa fibrin ikakuta paipi yonse ngati sokosi, mankhwala amatha kubwerera m'mbuyo n'kutulukira pansi pa khungu. Ya subclavian imene imayenda mkono ukakwezedwa n'kuima mkono ukatsika, ganizani kuti ikupanidwa pakati pa fupa la paphewa ndi nthiti yoyamba. Imeneyo imatha kuduka, ichotsedwe.

Anambewe a ku famasi: Ndipo si kutsekeka konse kumene kuli magazi. Phenytoin akakumana ndi dextrose amachita timiyala. Ceftriaxone ndi madzi okhala ndi calcium, monga Ringer's lactate, asakumane mu laini imodzi; kwa makanda obadwa kumene n'zoletsedwa kotheratu. Calcium ndi phosphate chimodzimodzi. Laini ikatsekeka mwadzidzidzi mutangotha kupereka mankhwala awiri motsatizana, ganizani za zimenezi, chifukwa mankhwala osungunula magazi sangathandize. Ikakhala kuti ndi magazi, alteplase 2 mg mu 2 ml amathiridwa mu lumen, n'kusiyidwa mphindi 30, muyese kukoka. Ikakana dikirani mpaka mphindi 120, ndipo mukhoza kubwereza kamodzi. Kwa mwana wosakwana makilogalamu 30 amathira 110% ya kukula kwa lumen, osapyola 2 mg. Kumene kulibe alteplase ena amagwiritsa ntchito urokinase 5,000 units pa ml. Ikatseguka kokani 5 ml mutaye, kenaka mutsuke. Heparin sasungunula magazi amene aundana kale, amangoletsa kuti asaonjezereke. Ndiye kuthira heparin mu laini yotsekeka n'kudikira mawa ndi kungotaya tsiku.

Adokotala a ku wodi ya akulu: Tisiyanitse bwino apa. Kutsekeka kwa paipi ndi kwina, kuundana kwa magazi mumtsempha umene paipi yadutsamo ndi kwinanso, ndipo kwachiwiriku ndi DVT yeniyeni. Laini ikhoza kumayenda bwinobwino mtsempha utatsekeka mozungulira. Zizindikiro: mkono wa mbali ya laini watupa, wotchi kapena chibangili chayamba kuthina, phewa, khosi kapena nsagwada zikuwawa, dzanja lasintha mtundu, timitsempha ta pachifuwa tatukuka ngati mizu. Nkhope ikatupa m'mawa, mutu n'kumalemera akawerama, ndiye kuti vena cava yeniyeniyo yaphinjika, imeneyo ndi ngozi. Kupuma mobanika, mtima kuthamanga, chifuwa kubaya, ganizani kuti chidutswa chapita kumapapo. Yezani mikono yonse iwiri ndi tepi pamalo ofanana, masentimita 10 pamwamba pa chigongono, mulembe. Kenaka sikani ya Doppler. D-dimer, muyeso wa m'magazi wofufuzira kuundana, kwa wa khansa kapena wa mu ICU sathandiza, amakhala wokwera kale.

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi a khansa, a sepsis, amene anadwalapo DVT, amene anabayidwa kangapo poika laini, ndi amene paipi yawo ndi yaikulu poyerekeza ndi mtsempha. Pa PICC paipi isadye kupitirira 45% ya mtsempha. Ngati lumen imodzi ikukwana, musaike ya atatu.

Wophunzira unamwino: Ndiye akapezeka ndi DVT, laini imachotsedwa nthawi yomweyo eti?

Adokotala a ku wodi ya akulu: Osati nthawi zonse. Ngati laini ikugwira ntchito, nsonga ili pamalo pake, ilibe tizilombo, ndipo ikufunikabe, ikhoza kukhala, wodwala n'kuyamba mankhwala oletsa magazi kuundana. Mukaichotsa n'kuika mbali inayo, mwangoika pachiswe mtsempha wachiwiri. Mankhwala ndi miyezi itatu kapena kuposa, ndipo amapitirira nthawi yonse imene laini ili m'thupi. Enoxaparin 1 mg pa kilogalamu kawiri pa tsiku ndiye poyambira pa ambiri. Impso zikafooka kwambiri mlingo umatsika kapena timapita ku heparin wa pa diripi. Wa chemo muziona ma platelet. Akatsika pansi pa 50 (50,000 pa microlitre) mlingo uyenera kuunikidwanso. Kupereka mankhwalawa kwa aliyense wa laini pofuna kupewa, osadwala, sikulimbikitsidwa.

Anambewe a ku famasi: Adokotala, apa pali msampha umene ndi wathu ndithu kuno kumwera kwa Africa. Wodwala wa TB amene akumwa rifampicin, chiwindi chake chimagaya mofulumira warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana; INR, muyeso wa mmene warfarin akugwirira ntchito, imakana kufika pa 2 mpaka 3, ndipo akamaliza mankhwala a TB mlingo womwewo umasanduka woopsa m'masabata otsatira. Rivaroxaban ndi apixaban nawonso amafooketsedwa ndi rifampicin. Ma ARV okhala ndi ritonavir amachita zosiyana, amakweza rivaroxaban m'magazi, munthu n'kuyamba kukha magazi. ARV ya TLD imene ambiri akumwa masiku ano ilibe vuto lalikulu lotere. Cotrimoxazole, fluconazole ndi metronidazole amakweza INR ya warfarin. Muzifunsa thumba lonse la mankhwala, ndi a zitsamba omwe, musanalembe.

Ankhoma a ku labu: Ndalowa mochedwa, pepani akuluakulu. Za kutentha thupi ndilankhulepo. Munthu wa laini akatentha kufika 38, kapena akanjenjemera pasanathe ola chitsukireni laini kapena chiyambireni dialysis, laini ndiyo woganiziridwa woyamba mpaka umboni utaikana. Pakhungu pakhoza kuoneka poyera bwino, popanda mafinya, tizilombo tili mkati. Blood culture, magazi okameretsa tizilombo ku labu, itengedwe mankhwala asanayambe. Maseti awiri nthawi imodzi: ina pamtsempha wa pamkono, ina pa laini, mutasintha kachitseko ndi kukhula pakamwa. Botolo lililonse la akulu 8 mpaka 10 ml. Magazi ochepa ndiwo amatipatsa zotsatira zabodza zoti mulibe kanthu. Pukutani labala wa pabotolo ndi alcohol. Lembani botolo lililonse kumene lachokera ndi nthawi. Makina akaonetsa kuti la pa laini lamera maola awiri kapena kuposa lisanamere la pamkono, kachilombo kali kamodzimodzi, gwero ndi laini. Mabotolo asaikidwe mu firiji, abwere ku labu msanga. Mukachotsa laini chifukwa choikayikira, dulani masentimita 5 a kunsonga ndi sizasi ya sterile, muike m'kabotolo kouma. Timaigubuduza pa mbale monga anayambira Dennis Maki mu 1977, ndipo timagulu toposa 15 ndi chizindikiro. Koma nsonga yokha popanda blood culture sitiuza zambiri, ndipo laini imene yangochotsedwa chifukwa ntchito yatha musatitumizire.

Abanda a ku dialysis: Nkhani ya malungo tiitchule, chifukwa kwa anthu athu kunjenjemera kulikonse ndi malungo. Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo mumzinda muno malungo si ofala. Koma abale athu amayenda, kudzera pa Nyamapanda, Tete, mpaka pa Mwanza, ndipo njira yonseyo ndi ya udzudzu. Ndiye funsani za ulendo, yezani malungo, ganiziraninso za typhoid poti tikudziwa mmene madzi amavutira ku Mbare, Glen View ndi Budiriro. Koma zonsezo zichitike pamodzi ndi blood culture, osati m'malo mwake. Ngakhale kachipangizo ka malungo kataonetsa mizere iwiri, Permcath ija isaiwalike. Munthu kumupatsa Coartem ndi panado n'kumubweza kunyumba ali ndi Staph aureus mu katheta, akabweranso amakhala atadwala mtima kapena msana.

Nachisale wa ku chemo: Wa chemo ndiye nthawi ndi yochepa zedi. Akatentha thupi, makamaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala pamene asilikali a m'magazi amakhala atatsika, antibiotic ya mumtsempha ilowe pasanathe ola limodzi chifikireni. Achibale tiziwauza momveka kuti asadikire kuche.

Adokotala a ku wodi ya akulu: Za kuchotsa kapena kusunga laini ya tizilombo, apa ndimalimba mtima. Staph aureus, Candida, Pseudomonas, ndi mycobacteria: laini ichoke. BP yatsika, ichoke. Kufiira ndi kuwawa kwatsata njira ya paipi pansi pa khungu kupitirira masentimita awiri kuchokera potulukira, kapena thumba la port lachita mafinya, ichoke. Magazi akumerabe patatha maola 72 ali pa mankhwala oyenera, ichoke. Laini yakanthawi ya mu ICU sitilimbana nayo, timachotsa n'kuika ina pamalo ena, osati kusinthira pa waya pamalo omwewo.

Poyambira, tisanadziwe kachilombo, vancomycin pamodzi ndi mankhwala a ma Gram negative malinga ndi zimene labu yanu imaona. Klebsiella ndi Acinetobacter osamva mankhwala achuluka m'zipatala za m'chigawo chino. Labu ikanena kuti Staph aureus wake ndi womva cloxacillin, sinthani, chifukwa cloxacillin kapena cefazolin amapha bwino kuposa vancomycin. Masiku osachepera 14 a mumtsempha, kuwerenga kuyambira tsiku limene blood culture yatuluka yoyera, osati tsiku loyamba mankhwala. Bwerezani culture pakatha masiku awiri kapena atatu, jambulani mtima ndi echo. Zikafika ku ma valve, kapena magazi oundana aja akakhala ndi tizilombo, ndi masabata 4 mpaka 6; zikafika ku mafupa, masabata 6 mpaka 8. Candida masiku 14 chiyerereni magazi, ndipo maso aunikidwe. Candida m'magazi si kuipitsidwa kwa botolo, ngakhale litamera limodzi lokha.

Abanda a ku dialysis: Ndikugwirizana nanu adokotala, koma pa wa dialysis amene mitsempha yatha, amene Permcath imeneyo ndi khomo lake lomaliza, mawu oti "ichoke" amalemera. Pa coagulase negative staph ndi ma Gram negative ena, wodwala ali bwino, njira ya pansi pa khungu ili yoyera, timayesa kuisunga ndi antibiotic ya m'thupi pamodzi ndi antibiotic lock, mankhwala osiyidwa kugona mkati mwa paipi, masiku 10 mpaka 14, kapena kusintha katheta pa waya kutentha kukatsika. Vancomycin ndi cefazolin zimaperekedwa kumapeto kwa dialysis, ndiye safunika kubayidwanso pamkono.

Adokotala a ku wodi ya akulu: Pa amenewo sindikutsutsa. Koma pa aureus ndi Candida, ngakhale khomo likhale lomaliza, tifunefune lina. Kuisunga kumalephera kawirikawiri, ndipo mtengo wake ndi valve ya mtima.

Ankhoma a ku labu: Coagulase negative staph mu botolo limodzi lokha mwa anayi, wodwala ali bwinobwino, nthawi zambiri ndi wa pakhungu amene walowa potenga magazi. Bwerezani musanayambe vancomycin wa masabata awiri. N'chifukwa chake timalira maseti awiri.

Anaphiri a ku ICU: Pochotsa napo pamafa anthu, ophunzira mumve. Wodwala asakhale tsonga pampando. Agone chagada, mutu utatsikirapo ngati angathe. Onani ma platelet ndi INR kaye. Apume mozama, agwire mpweya kapena azitulutsa pang'onopang'ono pamene mukusolola. Akakoka mpweya dzenje lili lotseguka, mpweya umayamwidwa kulowa mumtsempha. Dinikizani mphindi zisanu kapena kuposa, matani ndi pulasitala yosalowa mpweya maola 24 mpaka 48, agone mphindi 30. Onani kuti nsonga yatuluka yathunthu. Ikakana kusololoka musalimbane nayo. Akabanika mwadzidzidzi, tsekani dzenje, mugoneke chakumanzere mutu pansi, oxygen yonse, itanani thandizo. Zokhala ndi khafu ndi ma port zimachotsedwa ndi amene anaphunzira ntchitoyo. Ndipo pa raundi iliyonse funso lizifunsidwa mokweza: laini iyi ikufunikabe lero? Kusintha laini pa kalenda, poti yakwana masiku akutiakuti, sikuchepetsa matenda. Kuichotsa ntchito ikatha ndiko kumachepetsa.

Wophunzira unamwino: Nanga amene akupita nayo kunyumba, ku Epworth kapena ku Dzivarasekwa kumene madzi ndi a pamjigo, tiziwauza chiyani?

Abanda a ku dialysis: Uwauze zogwirika, mwana wanga, ndipo uuze ndi amene amawasamalira. Posamba asadzithire ndowa kuchokera kumutu. Asambe kuchokera m'chiuno kutsika, kumtunda apukute ndi kansalu kofinya, mozungulira pulasitala, ataphimba ndi pulasitiki yoyera yomatidwa m'mbali. Mutu asambitsidwe ataweramira kutsogolo kapena chagada, madzi asatsikire pakhosi. Madzi a pamjigo kapena a pachitsime asakhudze potulukira paipi ngakhale pang'ono. Mwezi wa Okutobala thukuta limamatula pulasitala. Ikayamba kutukuka asaimate ndi selotepi, aphimbe ndi gozi woyera apite ku chipatala tsiku lomwelo. Vaselini, mafuta odzola, phulusa, mankhwala azitsamba, zonsezi kutali. Zitseko za paipi asatsegule, makilampu akhale otseka. Sizasi ndi lezala zisayandikire. Mu kombi lamba wa chikwama asadutse pa katheta, ndipo paipi imatidwe pachifuwa kuti mwana wa m'manja asaikoke. Kakhafu koyera kaja kakaonekera kunja, ndiye kuti katheta yasololoka. Asaikankhire mkati, aimate pomwepo abwere. Ikatulukiratu, agone pansi, adinikize ndi nsalu yoyera pabala ndi pakhosi pamene inalowera mumtsempha, osasiya mpaka afike ku chipatala. Ikang'ambika kapena chitseko chikagwa, atseke kilampu kapena apinde paipi pakati pa pong'ambikapo ndi thupi.

Nachisale wa ku chemo: Ndipo pakhomo pakhale thermometer, ndi pepala lolembedwa mtundu wa laini, tsiku limene inaikidwa, ndi nambala ya wodi. Akafika pa kiliniki ya pafupi usiku aonetse pepalalo asanafunsidwe. Wa port amene wamaliza chemo azibwerabe kudzatsukitsa. Malo ambiri amati masabata anayi alionse, ena amatalikitsa, atsate zimene wodi yake yamuuza. Ngati madokotala anena kuti port sidzafunikanso, apemphe tsiku loichotsa.

Abanda a ku dialysis: Kwa a impso chimodzimodzi: amene ali pa Permcath afunse za fistula pa ulendo uliwonse. Fistula imafuna masabata 6 kapena kuposa kuti ikhwime, ndiye ikasokedwa mochedwa katheta imakhalitsa. Mkono umene wasungidwira fistula usabayidwe, usaikidwe diripi, usayezedwe BP. Magazi a labu atengedwe kuseri kwa dzanja.